ZA CIKONDWERERO CA M'MAKWALALA NDI MUNTHU WOTSALA M'NYUMBA

Pamudzi cikondwerero ciri conse ciri ndi mwini wace. Ukwati uli ndi ankhoswe, cinamwali ciri ndi anamkungwi, mowa wa dima uli ndi mwini munda; ndipo munthu wakumva ng'oma usiku adziwa kwa yani ilikulira, ndi cifukwa cace. Palinso lamulo limene silinalembedwe m'buku, koma ngakhale mwana alidziwa: pakagwa maliro ng'oma ya cikondwerero ileka, makasu apacikidwa, ndipo gule amene anapangana alindira kufikira adzukulu atabwera kumanda. Mwini ukwati sayesa ici cipongwe, pakuti adziwa kuti tsiku lina ng'oma ya mnzace idzalekera iye.

Koma ana a midzi yomweyi, amene anacoka ku Fort Jameson, ku Katete, ku Petauke ndi ku Nyasaland kukafuna nchito ku migodi ya mkuwa, anakapeza cikondwerero ca mtundu wina. Ndico tsiku limene dziko lonse liturukira m'makwalala cifukwa ca cinthu cacikuru cocitika m'mbiri yace: mfumu yalongedwa ufumu, mbendera yasinthika, boma lagwa. Mzinda waukuru sungathe kuleka ng'oma cifukwa ca maliro, popeza mumzinda maliro sasowa tsiku ndi limodzi lomwe. Cotero tsiku lotere, ngakhale likome cotani, limasiya munthu wina m'nyumba citseko ciri citsekere. Wina watsala cifukwa ca cisoni, wina cifukwa ca cikhulupiriro cace, wina cifukwa cimene anzace acicha cigonjetso iye aciona ngati kugonja. Kodi khamu lobvina liri naye mangawa munthu ameneyu? Kapena iye ndiye ali ndi mangawa kwa khamu? Makwalala a Kitwe ndi Ndola aona nkhani iyi kangapo, ndipo siinathe mofanana nthawi zonse.

Mizinda iwiriyi siyakale. Boma la Ndola linakhazikidwa m'caka ca 1904, pafupi ndi mtengo wa mupapa umene pansi pace amalonda Aciswahili anagulitsirapo akapolo. Njanji inafikako mu 1909. Kitwe ndi wamng'ono koposa, pakuti anamangidwa mu 1936 pambali pa mgodi wa Nkana. Anthu okhala m'makomboni a Wusakile, Mindolo ndi Chamboli, kapena ku Kabushi ndi Chifubu, anali alendo okhaokha, a manenedwe osiyana, ogona m'nyumba za kampani kapena za Boma, zimene munthu anaturukamo tsiku lomwe nchito yamthera. Gule woyamba wa m'mizindayi anali gule wa alendo odzisangalatsa okha tsiku la Sabata madzulo. Wochuka ndiye kalela, mbale wace wa mganda ndi malipenga amene a kum'mawa awadziwa. Mzungu wina wophunzira za miyambo, J. Clyde Mitchell, anapenyerera kalela wa anyamata Acibisa ku Luanshya, nalemba buku lace mu 1956. Ng'oma zao zinali za migolo ya mafuta. Obvina anabvala mathalauzi ositidwa bwino ndi nsapato zonyezimira. Panali wina wobvala ngati dokotala, ndi mkazi wobvala ngati namwino wakuyenda ndi kalirole ndi kansaru kopukutira thukuta. Nyimbo zao zinatonza mitundu yina, ndipo otonzedwawo anaseka nao pamodzi. Wofuna anaima napenyerera, wosafuna anapita zace. Panalibe wowerenga maina a osabwera.

Koma ng'oma yosonkhanitsa anthu ku cimwemwe iwasonkhanitsanso ku mkwiyo. M'mwezi wa May, 1935, pamene msonkho wa anthu a kumigodi unakwezedwa modzidzimutsa, anchito ananyanyala ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Luanshya. Ndipo Boma linaganizira magulu a gule wa mbeni kuti ndiwo anayendetsa uthenga. Ku Luanshya apolisi anaomba mfuti, nafa anthu 6. Pa 3 April, 1940, asilikari anaombera anchito onyanyala pa ofesi ya komboni ku Nkana, ndipo anthu 17 anataya moyo. Azungu a mumgodi anali atanyanyala masabata owerengeka m'mbuyomo, nawonjezeredwa malipiro popanda mfuti kulira. Mwazi umenewu uyenera kukumbukika pano, pakuti zikondwerero zonse za pambuyo pace zinabvinidwa pa nthaka yomweyo.

Caka ca 1953 cinabweretsa masiku awiri oitanidwa ndi akuru, lina la kusala ndi lina la madyerero, ndipo onse awiri anayesa mitima. Anthu akuda a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anakana Citaganya, ndico cigwirizano ca maikowa ndi Southern Rhodesia, podziwa kuti cidzapatsa mphamvu Azungu a ku Salisbury. Harry Nkumbula, mtsogoleri wa African National Congress, anatentha pamaso pa anthu ku Lusaka cikalata ca Boma cofotokoza za Citaganyaco, naitana dziko lonse kuti pa 1 ndi 2 April lisapite ku nchito, koma lipemphere. Boma linaopseza kucotsa nchito onse ojomba. Bungwe la anchito a m'migodi, lotsogozedwa ndi Lawrence Katilungu, silinalowemo, ndipo anthu ambiri a ku Nkana anatsikira pansi monga mwa masiku onse. Anzao anawayesa amantha. Koma woweruza ayambe wakumbuka kuti munthu wa kumgodi pakutaya nchito anataya nyumba, phoso ndi sukulu ya ana pa tsiku limodzi, kwao kuli kutali ulendo wa masiku. Pemphero locita kukakamizidwa ndi manyazi silikwera patali.

Patapita miyezi iwiri, pa 2 June, Mfumukazi Elizabeth Waciwiri analongedwa ufumu ku London, ndipo maiko onse a pansi pa Britain anauzidwa kukondwera. Mbendera zinapacikidwa, ana a sukulu anandandalikidwa, masewera anakonzedwa. Pamenepo cinthu cinatembenuka: amene dzulo anaitana anzao ku kusala, lero ndiwo anatsala m'nyumba. Ku Nyasaland a Congress anauza anthu kuti asapiteko konse. Sikuti anamuda mkaziyo. Ambiri anamlemekeza, napemphera m'machalichi kuti Mulungu amsunge. Koma Boma lace lomwelo linali kuwapereka ku Citaganya cimene anacikana poyera, ndipo cinayambadi caka comweco. Kubvina pa tsikulo kukadawerengedwa ngati kubvomera. Apa paoneka coyamba ca zoona za nkhaniyi, cakuti cikondwerero ca dziko ndico umboni. Mapazi a wobvina anena kuti, Cimene cacitikaci ncabwino. Tsono womkoka munthu kuti abvine cimene mtima wace ucikana amcititsa umboni wonama, ndipo chimo lagona pa wokokayo koposa pa wokokedwa.

Citaganya cinatha pa 31 December, 1963, ndipo tsiku lalikuru linafika pa Loweruka, 24 October, 1964. Pakati pa usiku, pa bwalo la Independence Stadium ku Lusaka, mbendera ya Britain inatsitsidwa pamaso pa Princess Royal, mlongo wa atate ace a Mfumukazi, ndi Bwanamkubwa wotsiriza, Sir Evelyn Hone. Ndipo inakwera mbendera yobiriwira ya Zambia, ya mizere yofiira, yakuda ndi ya maonekedwe a mkuwa, nkhwazi iri pamwamba. Kenneth Kaunda anakhala Pulezidenti. Namtindi wa anthu unapfuula Kwaca, ndipo mfuu yomweyo inamveka m'mizinda ya kumigodi, kumene anthu sanagone. Tsiku lomwelo, kutali ku Tokyo, anyamata amene analowa m'masewera a Olympic m'dzina la Northern Rhodesia anaturukamo m'dzina la Zambia.

Munthu wa mtima wouma yekha ndiye angatsutse cimwemwe ca usiku umenewo. Awa anali amuna amene anagula nyama pa zenera la butchala, osaloledwa kulowa pakhomo pamene Mzungu analowera; amene anayenda ndi citupa m'thumba m'dziko la makolo ao; amene anaphunzitsa nchito mnyamata wacizungu wofika dzulo, nalandira kagawo kakang'ono ka malipiro ace. Mzere wa mkuwa pa mbendera unali thukuta lao. Ndiponso, madzulo a tsiku lomwelo la 23 October, maola owerengeka mbendera isanakwere, kampani ya British South Africa Company, imene inadya msonkho wa miyala ya pansi pa nthaka ciyambire masiku a Cecil Rhodes, inabvomera kutula ufulu umenewo polandira mapaundi 4,000,000, theka locokera ku Britain ndi theka ku Zambia. Ambiri obvina ku Kitwe sanaidziwe nkhaniyi usiku umenewo, cinkana inawakhudza koposa mbendera. Analidi naco cifukwa ca kubvina, coposa cimene anacidziwa.

Alipo Akristu ena amene ayesa kuti cipembedzo coona ndi nkhope yakugwa, ndi kuti makwalala odzala ng'oma ndiwo a mdierekezi basi. Malembo sawabvomereza. Davide, pokwera nalo likasa la cipangano ku Yerusalemu, anabvina m'khwalala pamaso pa akapolo ace, ndipo wotsutsidwa m'nkhaniyo si Davide koma Mikala, amene anasuzumira pazenera namnyoza. Tsono si yense wotsala m'nyumba ali wolungama. Kulipo kutsala kwa kunyada, kwa munthu wodziyesa wapamwamba wosayenera kusanganizika ndi pfumbi la anthu wamba. Kulipo kutsala kwa nsanje, kwa iye amene sakondwera ndi cabwino ciri conse cimene sicinadzere m'manja mwace. Wotere asabisale kumbuyo kwa olira.

Koma olira enieni analipo, ndipo sanali owerengeka. Akazi amasiye a 1940 anali akali moyo. Katilungu, amene anamanga bungwe la anchito kuyambira 1949, anali atafa pa ngozi ya galimoto mu 1961, osaliona tsikulo. Otsata Nkumbula, amene anali ambiri ku Mufulira, anali atamenyana ndi a UNIP m'makomboni zaka ziwiri, nyumba zitatenthedwa mbali zonse. Kwa iwo ufulu unafika m'dzanja la mdani wa dzulo. Ndipo coposa zonse, miyezi itatu yokha m'mbuyomo, mwazi unakhetsedwa ku Chinsali ndi ku Lundazi. Otsata Alice Lenshina, a mpingo wa Lumpa, anakana makhadi a cipani, namanga midzi yao ya malinga. Iwo anapha anthu, anaphanso ndi apolisi. Anzao a m'midzi yoyandikana anawapha iwo. Asilikari anadza ndi mfuti zazikuru kukamenyana ndi anthu a mikondo ndi nkhwangwa. Monga mwa ciwerengero ca Boma lomwe, akufa anaposa 700, ndipo ocuruka mwa iwo anali a Lumpa. Zikwi zambiri pambuyo pace zinathawira ku Congo, nizikakhala ku Mokambo, pamalire peni peni pafupi ndi Mufulira. Mpingowo unali nao anthu ace kumigodi. Mkazi wa ku Chinsali wokhala ku Buchi kapena ku Masala, amene amace anafera m'linga mu July kapena August, anamva ng'oma za October ziri kulira kunja kwa citseko cace. Kodi akadayenera kuturuka?

Buku la Ezara lisimba za tsiku lofanana nalo. Ayuda atabwera ku ukapolo wa ku Babulo anaika maziko a Kacisi watsopano, ndi malipenga ndi nyimbo. Anyamata anapfuula mokondwera. Koma okalamba amene anaona Kacisi woyamba asanapasulidwe analira mokweza, kotero kuti womvera ali patali sanathe kulekanitsa kulira ndi kukondwa. Cozizwitsa m'nkhaniyi ndi cimene sicinacitike. Akuru a nchitoyo sanatume anyamata kukatontholetsa nkhalambazo kuti zilikuononga tsiku. Ndipo nkhalamba sizinaletse malipenga. Mau onse awiri anakwera pamodzi, ndipo wolemba sanacita manyazi kuwalemba onse awiri. Cikondwerero cotere cinena zoona, pakuti palibe tsiku lalikuru la mtundu wa anthu limene linadza lopanda mtengo wace. Walira mvula walira matope. Khamu lofuna kuti mfuu ya cimwemwe imveke yokha lifuna kuti mbiri iname.

Ambuye Yesu anaonjeza cina m'fanizo la mwana wolowerera. Pamene nyumba inadzala zoyimba ndi kubvina, mwana wamkuru anakwiya, nakana kulowa. Iyeyu sanali wolira wolungama; mlandu wace unali wa nsanje. Komabe atate wace sanaleketse phwando, ndiponso sanatume anchito kukamgwira. Anasiya alendo, naturuka yekha kukamdandaulira pabwalo. Fanizolo litha osanena ngati mwanayo analowa. Ngati wokana wolakwa anayenera ulemu wotere, koposa kotani wokana amene ali ndi manda atsopano?

Pano wina adzatsutsa, ndipo mau ace ngolemera. Adzati: dziko latsopano linali ngati mtanda wa dothi losaumbika, la mitundu yoposa 70, ozungulidwa ndi nkhondo ya ku Congo kumpoto ndi maboma a Azungu kumwera; ophunzira a ku yunivesite anali ngati 100 okha. Mtundu wotere umangika ndi mbendera imodzi, nyimbo imodzi ndi tsiku limodzi. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo wokana kugwira nao denga ali kulekera anzace kulemera, pamene iye adzagona m'nyumba yomweyo. Izi nzoona ndithu, ndipo munthu amene adya mtendere wa dziko ali nao mangawa a msonkho, a kumvera malamulo, a kuthandiza mnansi, ndi a kusanyoza cimwemwe ca anzace. Koma kusenza denga ndi kubvina nzosiyana. Denga lisenzeka ngakhale ndi munthu wa mtima wowawa, ndipo nyumba iima. Cimwemwe cokha sicilamulika. Cikalamulidwa cisanduka cina, cokhala ndi maonekedwe a cimwemwe, monga cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Zaka zotsata zinaonetsa ici. Mu 1967 mlandu unafika ku bwalo lalikuru la milandu wa mtsikana wa sukulu ku Mufulira, wa Mboni za Yehova, amene anacotsedwa sukulu pokana kuyimba nyimbo ya pfuko ndi kucitira sawaca mbendera. Bwalo linaweruza mokomera Boma. Ana ambiri a mpingowo anataya sukulu, ndipo pambuyo pa masankho a 1968 nyumba zao zopemphereramo zinatenthedwa m'madera ena. Munthu angatsutsane naco ciphunzitso cao, monga mipingo yambiri itsutsana naco, ndi kuonabe kuti mbendera siinalemekezeke ndi misozi ya mwana. Nyimbo ya pfukoyo inatenga mayimbidwe ace ku nyimbo ya pemphero ya Enoch Sontonga, mphunzitsi wa sukulu ya mishoni ku South Africa. Ndipo cinali cinthu cacilendo kuona pemphero litasanduka cikoti.

Kuyambira December, 1972, Zambia inakhala ya cipani cimodzi. Anyamata a cipani anaima pa zipata za misika ndi pokwerera basi kufunsa makhadi. Pakubwera wamkuru misika inatsekedwa, ana anaturutsidwa m'sukulu kukaima m'mbali mwa mseu padzuwa, ndi amai a zitenje anabvina pa bwalo la ndege. Ambiri anabvina ndi mtima wonse, pakuti Kaunda anakondedwa, ndipo zaka zoyamba zinabala masukulu, zipatala ndi miseu. Koma popeza wokonda ndi woopa anabvina mofanana, wolamulira sanathenso kuwasiyanitsa. Ici ndico cilango cimene cikondwerero cokakamiza cibwezera mwini wace: cimgonthetsa makutu. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndalama inacepa mphamvu, mizere ya ofuna sopo, mafuta ophikira ndi ufa inatalika, koma ng'oma zinalirabe monga kale. Ng'oma yolilitsa siicedwa kung'ambika. Mu December, 1986, mtengo wa ufa woyera utakwera koposa kawiri, makwalala omwe aja a Kitwe ndi Ndola anadzala anthu osaitanidwa ndi munthu. Masitolo anathyoledwa, anthu 15 anafa, ndipo Pulezidenti anabweza mtengo wakale. Pakati pa Kitwe paima fano la munthu woponya mwala, lochedwa Mposa Mabwe, lokumbutsa omenyera ufulu. Ana ao anaponya miyala m'mzinda womwewo.

Pa 31 October, 1991, anthu anasankha pakati pa zipani zambiri, ndipo Frederick Chiluba, mtsogoleri wa mabungwe a anchito, anapambana. Cipani cace ca MMD cinatenga mipando 125 mwa 150. Kaunda anabvomera kugonja, nacoka mwamtendere, cinthu cimene mafumu ocepa a m'Afrika anali atacita. Kumigodi kunali cikondwerero cosaitanidwa, ca mahutala a galimoto ndi nthambi za mitengo. Koma awerengi a kum'mawa akumbukira kumene kunacokera mipando yotsalayo: mwa 25 ya UNIP, 19 inali ya cigawo ca kum'mawa, ndiyo mipando yonse ya cigawoco. Tsono nthawi imeneyo munthu wa kuseri kwa citseko ku Chimwemwe kapena ku Lubuto kawirikawiri anali mwana wa ku Chadiza kapena ku Lundazi, amene mwina atate wace anafunsako anzao makhadi pa cipata ca msika. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Ndipo obvina a 1991 nao sanakhalitse m'khwalala: pofika caka ca 2000 migodi inali itagulitsidwa, anthu zikwi zambiri atacotsedwa nchito, ndi Luanshya atakhala ngati mudzi wa bwinja. Palibe pfuko kapena cipani cimene cinabvina masiku onse. Malo a kuseri kwa citseko ayendera nyumba zonse monga njala.

Za mowa wa masiku otere sipafunika mau ambiri, pakuti mlaliki ali yense awanena, ndipo akazi a m'makomboni awadziwa koposa mlaliki. Cikondwerero cimene m'mawa mwace mwana agona ndi njala cifukwa malipiro anathera ku bara cadya wosabvina kuti wobvina akhute. Nehemiya, pouza anthu a m'Yerusalemu kuti aleke kulira nacite madyerero, anawalamuliranso kutumiza cakudya kwa iwo amene analibe kanthu kokonzeka. Mbale yopita ku nyumba yotsekeka siifunsa cifukwa cace mwini nyumba sanaturuke.

Cinthu cina cimene anthu a kumigodi anacipeza okha, popanda Boma kapena mishoni kuwaphunzitsa, ndico cimbuya. Angoni ndi Abemba anamenyana nkhondo m'masiku a makolo, wina osamgonjetsa mnzace. Pokomana kumigodi, kutali ndi abale oika maliro, zidzukulu zao zinasandutsa udaniwo cibale ca nthabwala, cimene lero cifikira a kum'mawa onse ndi a kumpoto onse. Wa kum'mawa akamwalira ku Kitwe, Abemba ndiwo asenza bokosi, aphika, atonza amasiye kuti akudya mbewa atha, nawapaka ufa kumaso. Mbemba akamwalira, a kum'mawa abweza, natonza akudya anyani. Mlendo angakhumudwe pakumva kuseka pa maliro. Koma Mcewa adziwa kuti adzukulu a kwao acita comweco. Wosekayo ndiye wakumba manda, ndipo cifukwa ca khasu lace kuseka kwace sikupweteka. Ufulu wa kukondwa pamaso pa wolira ugulidwa ndi kusenza naye maliro. Khamu limene lasenza maliro a wotsala m'nyumba lingathe kuyimba pakhomo pace. Limene silinawasenze lidutse mwakacetecete, kapena lidzere njira yina.

Kamodzi dziko lonse linacita monga adzukulu. Usiku wa 27 April, 1993, ndege ya asilikari yonyamula timu ya mpira ya Zambia kupita ku Senegal inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, m'dziko la Gabon. Anafa anthu 30, mwa iwo osewera 18, pamodzi ndi aphunzitsi ao Godfrey Chitalu ndi Alex Chola. Mpira wa Zambia unaleredwa kumigodi, m'matimu monga Nkana, Power Dynamos ndi Mufulira Wanderers, cotero maliro ambiri anali a m'makomboni omwewa. Anaikidwa ku Lusaka pambali pa Independence Stadium, bwalo lomwe lija la mbendera ya 1964. Amasiye ao analindira cipepeso zaka zambiri, mpaka anacita kupita naco ku bwalo la milandu. M'menemo dziko silinasenze bwino.

Zitapita zaka 19, masewera otsiriza a cikho ca Afrika anagwera mumzinda womwewo wa Libreville. Masiku owerengeka asanasewere, anyamata a Zambia, ndi mtsogoleri wao Christopher Katongo ndi mphunzitsi Hervé Renard, anapita kugombe loyang'ana pamene ndege inagwera, nayimba, naika maluwa pamadzi. Anali nao Kalusha Bwalya wa ku Mufulira, amene mu 1993 anapulumuka cifukwa anali kusewera ku Holland, ndipo anayenera kukakomana ndi anzace ku Senegal. Pa Sabata, 12 February, 2012, anakomana ndi Ivory Coast, timu ya maina akuru imene anthu onse anaiyesa yopambana. Nthawi yonse inatha popanda cigoli, ndi yoonjezera yomwe. Pa mapenate Zambia inapambana 8 kwa 7, Stoppila Sunzu ndiye anamenya yotsiriza. Ku Kitwe ndi ku Ndola unali utapitirira pakati pa usiku. Anthu anaturuka m'nyumba ndi m'mabara, a zipani zonse ndi manenedwe onse, ena ndi ziwaya ndi zitini m'malo mwa ng'oma, nadzaza miseu kufikira mbandakuca. Ndipo m'mawailesi ndi m'makwalala maina a akufa a 1993 anachulidwa pamodzi ndi maina a opambana. Ku Libreville anyamatawo anampatsa Bwalya cikho kuti acinyamule.